Batani la kumbuyo kwa rauta

Tsiku limene ndinazindikira kuti VPN (njira yodutsitsira intaneti mobisika pa kompyuta ya kwina) ya pa rauta yathu, kabokosi kogawa Wi-Fi m'nyumba, yasanduka mtolo kwa anthu a m'nyumba mwanga, ndinali mu minibasi pa Great East Road, titaima pamzere wa magalimoto pafupi ndi Manda Hill. Foni inalira, ndipo anali mayi a ana, ali kunyumba ku Chilenje. Ankafuna kutumiza ndalama kwa mwini shopu wina wa ku Kamwala amene amawaodetsa zitenje, koma pulogalamu ya banki ya pa foni yawo inkangozungulira, ndipo itatseguka inawauza kuti akuoneka ngati ali kunja kwa dziko. "Atate a ana," anatero, "kodi ine ku Joni ndapitako liti? Ndili pakhonde pano, ndiwo zili pamoto, koma banki ikuti ndili ku Johannesburg. Tandiuzani pozimitsira chinthu chanuchi."

Ndinayamba kufotokoza, kondakitala akukuwa m'khutu mwangamu. Ndinawauza kuti atsegule bulawuza, alembe manambala akuti 192.168.1.1 pamwamba penipeni, ndipo iwo anawalemba m'kabokosi kofufuzira, n'kuyamba kundiwerengera zimene Google inawabweretsera. Titakonza zimenezo, tsamba la rauta linafuna pasiwedi, ndipo pasiwediyo, imene ndinaisankha yaitali dala kuti wina asailote, inali m'kabuku kamene kanali m'chikwama changa, pamiyendo panga, mu minibasimo. Ndinaiwerenga chilembo chimodzichimodzi anthu onse akumva, ndipo mayi wina amene anakhala pambali panga anafika pondithandiza kubwereza. Kenako panafunika kupeza mawu akuti Network, pansi pake Interfaces, kenako mzere wolembedwa wg0, limene ndi dzina la VPN yathu pa rauta, kenako kabatani koimitsira, zonsezi pa galasi la foni limene tsambalo silinkakwanapo bwino. Tisanafike n'komwe kumeneko, mayi a ana anati, "Basi, zisiyeni," ndipo anadula foni. Madzulo ndinapeza kuti anangozimitsa Wi-Fi pa foni yawo, n'kugula bandulo, ndalama n'kupita bwinobwino.

Chimene chinandiwawa kwambiri chinadziwika patapita masiku angapo, nditafunsafunsa. Onse m'nyumbamo anali ataphunzira kale njira imeneyi. Mwana wathu wamkulu akafuna kusewera mpira wa pa intaneti ndi anzake, ankachoka pa Wi-Fi. Mphwanga amene amakhala nafe akafuna kudzaza fomu pa tsamba lina limene linkamufunsa kambirimbiri kuti asankhe zithunzi za mabasi ndi maloboti posonyeza kuti ndi munthu, ankachoka pa Wi-Fi. Ine ndinkalipira intaneti ya m'nyumba mwezi ndi mwezi, kulipiranso VPN, ndipo kuwonjezera apo ndinkapereka ndalama za mabandulo popanda kudziwa kuti ndikulipirira kuthawa chinthu chimene ndinaika ndekha.

Ndiyenera kufotokoza mmene VPN inalowera m'nyumba mwathu, chifukwa si ine ndekha mu Lusaka amene ndinaidziwa mwa njira imeneyi. Pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinasiya kugwira ntchito m'dziko muno la Zambia, ndipo zinabwerera khoti lalikulu litalamula, bungwe la Chapter One Foundation litakadandaula. M'maola amenewo mawu akuti VPN anayenda pakamwa pa anthu ngati dzina la mankhwala atsopano, moti ngakhale achikulire a kutchalitchi kwathu amene foni amaigwiritsa ntchito poimba ndi kulandira ndalama basi ankafunsa anyamata kuti awaikire. Ambiri anaichotsa zinthu zitabwerera mwakale. Ine ndinaisunga, poyamba chifukwa cha mantha a tsiku lija, kenako chifukwa cha ntchito yanga, popeza ndimawerengera ndalama za mabizinesi ang'onoang'ono ndipo mapepala a anthu amadutsa pa laputopu yanga tsiku lililonse. Maganizo oiika pa rauta anabwera pambuyo pake, ndipo ankaoneka anzeru: kampani ya VPN imawerenga zipangizo zimene munthu walumikiza, koma rauta imawerengedwa ngati chipangizo chimodzi ngakhale kumbuyo kwake kuli mafoni asanu ndi TV.

Kwa amene sanazolowere, VPN ili ngati kutumiza makalata anu onse mu envulopu yomata kwa msuweni wanu wa ku Johannesburg, kuti iyeyo akawatsegule ndi kuwatumiza kumene akupita, mayankho n'kubwereranso kudzera kwa iye. Wapositi wa kwanu amangoona kuti mumalemberana kwambiri ndi msuweni, koma sadziwa kuti makalatawo akupita kwa yani. Amene akulandira kalata amaona adiresi ya msuweni, osati yanu, ndipo n'chifukwa chake banki inkakhulupirira kuti mayi a ana ali ku Joni. Banki sinalakwe konse, chifukwa munthu amene dzulo anali ku Lusaka, lero n'kuonekera mwadzidzidzi pa adiresi imene anthu mazanamazana osadziwana akuigwiritsa ntchito nthawi imodzi, amafanana kwambiri ndi wakuba. Ndiyeneranso kunena chilungamo chimene otsatsa malonda a VPN sakonda kuchitchula, chakuti msuweniyo amaona zonse zimene wapositi akanaona, choncho simunachotse kukhulupirira munthu, mwangosintha munthu womukhulupirira. Komanso masamba ambiri a masiku ano, makamaka a mabanki, amabisa okha zimene mukulemba kudzera mu HTTPS, kaya pali VPN kaya palibe. Nditaganizira bwino zimenezi, ndinavomereza kuti panalibe chifukwa chomveka chokakamizira nyumba yonse kudutsa ku Johannesburg usana ndi usiku.

Palinso nkhani ya mtunda, imene mwana wathu anaimva m'zala ine ndisanaiwerengere. Kuwala kumayenda m'chingwe cha fayiba makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi imodzi. Kuchokera ku Lusaka kukafika ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,200, pamene ku London ndi pafupifupi 8,000 mukayeza molunjika, ndipo zingwe siziyenda molunjika, chifukwa dziko lathu lilibe nyanja yamchere, moti uthenga umayamba wadutsa m'maiko oyandikana nawo kuti ukapeze zingwe za pansi pa nyanja. Ndikasankha seva ya ku London, ndiye kuti kompyuta ya kampani ya VPN imene imagwira ntchito ya msuweni uja, ngakhale tsamba la kuno konkuno ku Lusaka limafuna kuti uthenga upite ku Ulaya ndi kubwerera, kenako yankho lipitenso ku Ulaya ndi kubwereranso. Wowerenga nkhani sazindikira msanga kuchedwa kumeneku, koma wosewera mpira amaona wosewera wake akumenya mpira umene wadutsa kale.

Rauta yathu ndinaigula yogwiritsidwapo kale ntchito m'tauni, kufupi ndi Katondo Street, ndipo ndinachotsamo pulogalamu ya kufakitale n'kuikamo OpenWrt. Imeneyi ndi Linux yaing'ono yopangidwira marauta, imene inayamba mu 2004, kampani ya Linksys itatulutsa poyera mu 2003 malamulo a pulogalamu ya m'rauta yake ya WRT54G. Ubwino wake ndi wakuti palibe chobisika: makonzedwe onse ali m'mafayilo amene munthu angathe kuwerenga ndi kusintha. Poyamba ndinkagwiritsa ntchito pulogalamu ya VPN yotchedwa OpenVPN, imene James Yonan anaitulutsa mu 2001, koma ubongo wa karauta kotchipa unkalemedwa nayo, liwiro n'kutsika kwambiri. Kenako ndinasamukira ku WireGuard ya Jason Donenfeld, imene inalowa mumtima mwa Linux weniweni mu Malichi 2020, pa mtundu wa 5.6, ndipo ndi yopepuka moti karauta komweko kanayamba kupuma bwino. Chinanso chimene chinandithandiza pambuyo pake n'chakuti pa OpenWrt, WireGuard imaoneka ngati khomo wamba la netiweki, limene limatseguka ndi lamulo lakuti ifup wg0 ndi kutsekeka ndi lakuti ifdown wg0. Ntchito yonse inali yopeza njira yakuti munthu amene sadziwa malamulo awiriwa, ndiponso safuna kuwadziwa, athe kuwapereka.

Njira yoyamba imene ndinayesa inali yaulesi. Ndinaika chizindikiro cha tsamba la rauta pa foni ya mayi a ana ndi kusungamo pasiwedi, kuti masitepe achepe. Anachepadi, koma ndinali nditapereka kiyi wa nyumba yonse kwa munthu amene ankangofuna kuyatsa nyali ya pakhonde, pakuti pa tsamba lomwelo, mzere umodzi pamwamba pa wg0, pali kabatani kofanana ndendende kamene kamaimitsa netiweki ya m'nyumba, ndipo ukakadina umadzitsekera kunja wekha. Zinachitikadi kamodzi, ndipo sindinadzudzule munthu. Njira yachiwiri inali kapulogalamu ka pa foni kotumiza lamulo ku rauta kudzera mu SSH, njira yotetezeka yolamulira makina uli patali, munthu akangogunda kamodzi. Pa foni yanga kanagwira bwino, koma kankafuna kuikidwa pa foni iliyonse, ndipo mlendo kapena apongozi akabwera kuchokera ku Katete panalibe chimene akanachita.

Maganizo a batani anandibwerera nditaona zithunzi za timarauta ta paulendo ta kampani ya GL.iNet, timene tili ndi kaswichi kokankha chammbali, kamene mwini wake angathe kukapatsa ntchito yoyatsa ndi kuzimitsa VPN. Ndinatembenuza rauta yathu ndipo ndinapeza kuti nayonso ili ndi batani limene silinkagwira ntchito iliyonse, lolembedwa WPS. Batani limeneli analipangira kulumikiza chipangizo ku Wi-Fi popanda kulemba pasiwedi, koma ine ndinali nditazimitsa kale WPS yonse, popeza mu Disembala 2011 Stefan Viehböck anasonyeza kuti nambala yake yachinsinsi ya manambala 8 imayesedwa m'zigawo ziwiri, moti wakuba amangofunika kuyesa ka 11,000 kapena kuchepera apo m'malo mwa mamiliyoni. Pa OpenWrt, munthu akadina batani, rauta imayang'ana mu foda ya /etc/rc.button n'kuyendetsa fayilo imene ili ndi dzina la batanilo, ndipo imauza fayiloyo ngati batani ladinidwa kapena lasiyidwa, ndiponso masekondi amene chala chinakhalapo. Ndinalemba mizere yosakwana makumi awiri yonena kuti batani likasiyidwa, rauta ione ngati wg0 ili yotseguka, ndipo ikakhala yotseguka iitseke, ikakhala yotseka iitsegule.

Usiku umenewo ndinadina batani monyadira, VPN inazima, ndipo intaneti ya nyumba yonse inazima nayo limodzi. Apa m'pamene ndinaphunzira kuti kuzimitsa VPN si chinthu chimodzi ayi, koma zinthu zitatu zimene zimayenera kuyendera pamodzi, ndipo chilichonse chinandidyera usiku wakewake.

Choyamba chinali njira. VPN ikayaka imauza rauta kuti uthenga wonse wopita kunja uzidzera kwa iyo, ndipo pochita zimenezi inkafufuta njira yakale yopita kwa kampani yathu ya intaneti, chifukwa njira ziwirizo zinali ndi nambala yofanana ya kufunika kwake, imene amaitcha metric. Ikazima inkachoka ndi njira yake, yakale ija osabwerera, ndipo rauta inkatsala ngati munthu amene wafika pamphambano zikwangwani zitazulidwa. Mankhwala ake ndi aang'ono mochititsa manyazi: kupatsa khomo la wan, lopita kwa kampani yathu ya intaneti, nambala yakeyake yokulirapo, kuti njira yakale izingokhala pansi podikira m'malo mofufutidwa. Chachiwiri chinali chipupa chotetezera, firewall, chimene ine mwini ndinachikonza kuti chisalole uthenga uliwonse kutuluka popanda kudzera mu VPN, poopa kuti VPN ikaduka mwangozi zinthu zingatuluke poyera ine osadziwa. Lamulo limeneli ndi labwino, koma silisiyanitsa kuduka kwangozi ndi kuzimitsa kwadala, choncho batani linayenera kuphunzira kutsegula chipata cha kunja pozimitsa VPN ndi kuchitsekanso poiyatsa.

Chachitatu chinandizunguza kwambiri chifukwa chinkaoneka ngati matsenga. Mauthenga ena ankalowa, foni inkasonyeza kuti Wi-Fi ilipo, koma tsamba lililonse linkakana kutseguka. Vuto linali DNS, buku la maadiresi limene limasandutsa dzina la tsamba kukhala manambala. Ndinali nditauza rauta kuti izifunsa maina kwa seva ya kampani ya VPN, ndipo seva imeneyo ili ndi adiresi ya m'kati imene imafikirika pokhapokha paipi ya VPN ili yotseguka. Paipi ikatsekedwa, rauta inkapitiriza kugogoda pa khomo limene kulibe. Tsono batani linafunikanso kusintha kofunsira maina ndi kudzutsanso kapulogalamu ka dnsmasq kamene kamagwira ntchitoyo. Mizere yanga makumi awiri ija inafika pafupifupi makumi asanu, koma pamapeto pake kudina kamodzi kunkachita zonse zitatu m'masekondi ochepa.

Panatsala funso limene mayi a ana anafunsa atangoona batanilo, limene ine sindinaliganizire n'komwe: "Nanga ndidziwa bwanji kuti panopa chayaka kapena chazima?" Swichi ya nyali ya m'chipinda siifuna kufotokozera chifukwa nyaliyo imayankha yokha, koma batani la rauta limaoneka chimodzimodzi nthawi zonse. Ndinatenga kanyali kakutsogolo kamene kanali ka WPS n'kukapatsa ntchito yatsopano. Poyamba kankayaka VPN ikangolamulidwa kuyaka, koma ndinaona kuti kakhoza kunama, chifukwa WireGuard imaoneka yotseguka ngakhale seva ya kutsidya isakuyankha. Chimene chimanena zoona ndi nthawi imene mbali ziwirizi zinapatsana moni komaliza, ndipo uthenga ukamayenda zimapatsana moni watsopano pafupifupi mphindi ziwiri zilizonse. Ndinakonza kuti rauta iziyang'ana nthawi imeneyi mphindi iliyonse, kanyali kaziyaka mokhazikika moni akakhala waposachedwa, kaziphethira akakhala wakale, ndipo kazizima VPN ikazimitsidwa dala. Mayi a ana anatenga utoto wawo wofiira wa zikhadabo n'kudontheza kadontho pa batanilo, kuti wina asalisokoneze ndi kabowo ka reset kamene kali pambali pake, kamene ukakakanikiza masekondi asanu kamafufuta makonzedwe onse. Ndinaika rauta pa shelefu ya m'munsi, kumbuyo kwake kutayang'ana kukhomo, ndipo kwa miyezi ingapo foni yanga sinalirenso za nkhani imeneyi.

Kenako kunabwera chilala cha 2024. Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilalacho ndi tsoka la dziko, madzi anatsika ku damu la Kariba kumene amapangira magetsi, ndipo kuzima kwa magetsi kumene kunayamba ndi maola 8 pa tsiku mu Malichi kunakula mpaka kufika maola 21 chakumapeto kwa chaka. Ana a mu Lusaka amati "malaiti yayenda," ndipo chaka chimenecho mawu odabwitsa anali akuti abwera. Magetsi akabwera pakati pa usiku, nyumba yonse inkadzuka, wina kusita, wina kutchaja mafoni, ine kuthamangira laputopu, ndipo nthawi zambiri ndinkapeza kanyali kaja kakuphethira, intaneti kulibe. Ndikadina batani kuzimitsa VPN, kudikira pang'ono, n'kudinanso, zonse zinkayenda. Ndinakhala milungu ndikuchita zimenezi ngati mwambo ndisanamvetse chifukwa chake, ndipo chifukwacho ndi chimene ndimachikonda kwambiri pa nkhani yonseyi.

Marauta ambiri otchipa alibe kabatire kosunga wotchi monga kamene kali mu kompyuta. Magetsi akazima amaiwala nthawi, ndipo akadzuka OpenWrt imangoyerekeza potenga nthawi ya fayilo imene inasinthidwa komaliza m'makonzedwe ake, mpaka itafunsa nthawi yeniyeni pa intaneti kudzera mu NTP. Tsono WireGuard ikamapereka moni kwa seva imalembapo nthawi, ndipo seva imakumbukira nthawi ya moni womaliza umene inalandira kwa inu, n'kukana mwakachetechete moni aliyense wa nthawi yakumbuyo, poopa kuti wina anajambula moni wakale ndipo akuubwereza kuti anamizire kukhala inu. Rauta yathu inkadzuka ikukhulupirira kuti lero ndi sabata yatha, seva inkaikana, ndipo pofuna kukonza wotchi inkatumiza funso lake la nthawi kudzera m'paipi yomweyo imene sinkatseguka chifukwa cha wotchiyo. Kiyi anali atatsekeredwa m'nyumba imene amayenera kutsegula. Kudina kwanga kawiri kuja kunkangopatsa rauta mpata wotulukira panja kukafunsa nthawi. Nditamvetsa, ndinakonza kuti magetsi akabwera VPN isamayake yokha, koma idikire mpaka wotchi italondola, popeza OpenWrt ili ndi foda ina, /etc/hotplug.d/ntp, imene mafayilo ake amayendetsedwa nthawi ikangotsimikizika. Pambuyo pake tinagula kabatire kakang'ono kosungira rauta moto, koma m'masiku a maola 21 nakonso kankatha, choncho makonzedwe aja sanapite pachabe.

Kuzimazima kwa magetsi kunavumbulanso funso limene si la makina konse: rauta ikadzuka, idzuke VPN ili yoyaka kapena yozima? Ine ndinkafuna yoyaka, chifukwa ndikayamba ntchito usiku sindifuna kukumbukira kudina. Mayi a ana ankafuna yozima, chifukwa m'mawa amayamba ndi kulipira ndi kulandira ndalama. Ndipo apa m'pamene ndinaona malire a batani langa lokongola lija. Linachotsa ine pakati, zimene zinali zabwino, koma linali batani limodzi la anthu asanu. Tsiku lina ndili pakati potumiza mapepala a kasitomala, mwana wathu anadutsa mwakachetechete n'kudina kadontho kofiira kuti asewere mpira wake, ndipo kutumizako kunaduka chifukwa adiresi yanga inasintha mwadzidzidzi. Nditamufunsa anayankha mwaulemu ndithu kuti, "Atate, munanena nokha kuti aliyense akhoza kudina." Ndinalibe poyankha, chifukwa ndinanenadi.

Njira imene tikugwiritsa ntchito lero ndinkaidziwa kuyambira kale, koma ndinkaikana ponena kuti mapanga awiri avumbwitsa, ndiponso, kunena zoona, chifukwa inkafuna kuti ndiphunzire zinthu zimene ndinkaziopa. Rauta imodzi ikhoza kuulutsa maina awiri a Wi-Fi kapena kuposerapo, lililonse ndi netiweki yakeyake. Ndinasiya dzina loyamba kuti lizipita molunjika kwa kampani yathu ya intaneti, ndipo ndinapanga lachiwiri, la maadiresi oyamba ndi 192.168.2, limene uthenga wake wonse umalowa m'paipi ya VPN. Chimene chimasankha njira potengera kumene uthenga wachokera ndi pulogalamu yowonjezera yotchedwa pbr, ngakhale munthu wodziwa angathe kulemba malamulowo pamanja. Zinthu zitatu zija zimene batani linkavutika kuzisintha nthawi imodzi zinasiya kusinthasintha, chilichonse chinakhala pamalo pake: netiweki yoyamba ili ndi njira yake ndi DNS yake, yachiwiri ili ndi zakezake, ndipo lamulo loletsa kutuluka popanda VPN limagwira yachiwiri yokha, moti VPN ikaduka ndine ndekha amene ndimaona mdima. Vuto la wotchi nalonso linatheratu palokha, chifukwa rauta yeniyeniyo tsopano imafunsa nthawi kudzera pa njira yolunjika.

Maina anasankha ndi mayi a ana. Yolunjika anaitcha Kunyumba, ya VPN anaitcha Ku Joni, ndipo ndikuvomereza kuti palibe buku la malangizo limene likanafotokoza bwino kuposa pamenepa. Kuyatsa VPN tsopano ndi kusankha dzina pa foni, chinthu chimene aliyense amachidziwa kale, ndipo kusankha kwa mmodzi sikukhudza mnzake. Apongozi atabwera kudzaonana ndi dokotala wa maso, mdzukulu wawo anawalumikiza n'kuwafunsa mwanthabwala kuti, "Ambuya, mukufuna kukhala Kunyumba kapena Ku Joni?" ndipo iwo anayankha kuti ku Joni kunapita amuna ambiri a m'mudzi mwawo kukagwira ntchito m'migodi, ena osabwerako, choncho awasiye kunyumba. Pa foni ya mayi a ana ndinafufutamo dzina lachiwirilo, chifukwa foni ikadziwa maina onse awiri imadumphira kumene yafuna, ndipo tsiku lina banki ikanawapezanso ali kunja kwa dziko. Pa laputopu yanga ndinachita mosiyana, ndinaletsa kuti isamalowe yokha Kunyumba.

Sindinganene kuti njira imeneyi ilibe mtengo wake. Zipangizo za pa netiweki imodzi sizionana ndi za pa inzake, ndipo zimenezi zili ndi ubwino, koma zikutanthauzanso kuti foni imene ili Ku Joni siingatumize kanema ku TV imene ili Kunyumba, chifukwa zipangizo zoterezi zimapezana pofuulirana m'kati mwa netiweki imodzi. Zilipo njira zolumikizira mbali ziwirizi, koma nditaziwerenga ndinaona kuti ndiyambanso kuboola chipupa chimene ndangomanga kumene, ndipo ndinazisiya. Ndinaphunziranso mowawa kuti pokweza OpenWrt kupita ku mtundu watsopano, mafayilo amene munthu analemba yekha amafufutika ngati sanawatchule mu /etc/sysupgrade.conf, moti fayilo ya batani ija ndinailembanso kachiwiri kuchokera m'mutu.

Batani lofiira lidakalipo, ngakhale ntchito yake inasintha. Likadinidwa tsopano limangotseka paipi ndi kuitsegulanso, zimene zimathandiza seva ya kutsidya ikachita ulesi, ndipo kanyali kakutsogolo kakupitiriza kunena ngati moni wa ku Johannesburg ndi waposachedwa. Amene amalidina ndine ndekha. Chimene sindinachithetse ndi pulinta, imene inatsalira Kunyumba chifukwa ana amasindikizapo ntchito za kusukulu, pamene laputopu yanga imakhala Ku Joni. Kumapeto kwa mwezi uliwonse, ndikamaliza kuwerengera ndalama za makasitomala, ndimadina kusindikiza, palibe chimene chimatuluka, ndimadzuka kukayang'ana ngati mapepala atha, ndipo ndikafika pakati pa balaza m'pamene ndimakumbukira. Mwezi wathawu mayi a ana anandiona nditaima pamenepo ndipo, osakweza n'komwe maso pa zitenje zimene ankapinda, anati, "Bwererani kunyumba, atate a ana, pulinta siili ku Joni."